Ziphuphu, makapisozi ndi dzuwa la mu Okutobala

Tsiku lina titamaliza phunziro la kuwala, mnyamata wina wa Fomu 3 anatsalira m'kalasi anzake atatuluka. Ndinkaganiza kuti masamu amuvuta, koma iye anatulutsa kapaketi ka makapisozi m'thumba. "Aphunzitsi, awa anandipatsa kuchipatala chifukwa cha ziphuphu, ndiye adokotala akuti ndisamakhalitse padzuwa. Nanga dzuwa likukhudzana bwanji ndi mankhwala amene ali m'mimba?" Papaketipo panalembedwa kuti doxycycline. Ine si dokotala, ndimaphunzitsa fizikisi, koma funso limeneli theka lake ndi la fizikisi ndithu.

Tiyambe ndi chiphuphu chenichenicho, cha kumaso, osati chija mumawerenga m'nyuzipepala. Pakhungu pali timabowo momwe mumatulukira tsitsi komanso mafuta a thupi. Munthu akatha msinkhu, mahomoni amachititsa kuti mafutawa achuluke, ndipo akasakanikirana ndi khungu lakufa amatseka kabowo kaja. M'kati mwa kabowo kotsekekako mulibe mpweya wa okosijeni wokwanira, ndipo amenewa ndi malo amene bakiteriya wotchedwa Cutibacterium acnes amawakonda. Bakiteriyayu ali pakhungu la aliyense, ngakhale la mnzanu wosalala uja. Akachulukana m'kabowomo, thupi limalimbana naye, malowo amatupa, amapweteka, nthawi zina mpaka mafinya. Choncho ziphuphu sizitanthauza kuti munthu sasamba, ndipo kukhula kumaso ndi mwala kumangowonjezera kutupa.

Mankhwala opha mabakiteriya amene madokotala amalembera munthu wa ziphuphu alipo opaka, monga clindamycin ndi erythromycin, komanso akumwa, monga doxycycline, lymecycline ndi minocycline. Atatu akumwawa ndi a banja limodzi lotchedwa tetracycline, lomwe linayambira m'dothi: wasayansi Benjamin Duggar anapeza woyamba wa mankhwalawa m'zaka za m'ma 1940 kuchokera kwa bakiteriya wa m'nthaka. Amalepheretsa bakiteriya kupanga mapuloteni ake, komanso amachepetsa kutupa. Amagwira ntchito, koma pang'onopang'ono. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha masabata 6 kapena 8, osati Lachisanu lomwe lino.

Tsopano za dzuwa zija. Mukukumbukira kuti kuwala kumabwera m'timagawo ta mphamvu totchedwa ma photon, ndipo E = hf. Funde likakhala lalifupi, f amakwera, mphamvu ya photon iliyonse imakweranso. Kuwala kofiira kwa ma nanometre 700 kumanyamula pafupifupi 1.8 eV pa photon imodzi. Kuwala kwa UVA, komwe kuli pakati pa ma nanometre 315 ndi 400, kumafika 3.5 eV tikatenga 350, kutanthauza kuwirikiza kawiri. Maso athu sakuona kuwala kumeneku, koma molekyu ya doxycycline imakumeza bwino kwambiri. Ndipo kapisozi sakhala m'mimba mpaka kalekale. Mankhwala amalowa m'magazi, magazi n'kuwafikitsa pakhungu. Molekyu ikameza photon ya UVA imakhala ndi mphamvu yopitirira, ndiye imaipatsira kwa okosijeni amene ali pafupi. Okosijeni wolandira mphamvuyo amawononga maselo a khungu. Zotsatira zake munthu amapsa ngati wakhala padzuwa tsiku lonse pamene wangokhalapo ola limodzi: pamphuno, pakhosi, kunja kwa manja. Ena mpaka zikhadabo zimayamba kusiyana ndi mnofu.

Wina afunsa kuti, "Nanga ife akuda, melanin satiteteza?" Amateteza, chifukwa nayenso amameza UV, n'chifukwa chake vutoli limaoneka kwambiri kwa anthu a khungu loyera. Koma si chishango chotchinga zonse, ndipo dziko lathu lili pafupi ndi Equator, kumene dzuwa la masana limakhala pafupifupi pamutu penipeni. Anzathu achialubino ayenera kuuza adokotala nkhawa imeneyi asanayambe mankhwalawa. Dziwaninso kuti mitambo siitsekereza UVA yense, ndipo galasi wamba la pawindo limalola wambiri kudutsa. Chipewa, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza kudzuwa zimathandiza.

Pali malamulo ena ang'onoang'ono amene ali ndi zifukwa zake. Imwani kapisozi ndi madzi odzadza kapu, muli chiimire kapena chikhalire, ndipo musagone kwa mphindi 30. Akakakamira pakhosi amasungunukira pomwepo n'kuwotcha kummero, ndipo kumeza nsima kumakhala kowawa kwa masiku angapo. Mankhwala a banja limeneli amagwiranso kashiamu, ayironi ndi maginiziyamu ngati nkhanu yagwira chala, ndipo akatero salowa bwino m'magazi. Ngati mukumwa mapiritsi owonjezera magazi kapena a kutentha pamtima, siyanitsani ndi maola 2 kapena 3. Kukonda kashiamu komweku ndi kumene kumachititsa kuti asaperekedwe kwa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera, chifukwa amalowa m'mano ndi m'mafupa amene akukula, mano n'kusanduka achikasu kapena otuwa. Mtsikana amene akukayika kuti mwina ali ndi pakati anene kwa adokotala, ngakhale manyazi alipo. Ndipo mutu ukamapweteka kwambiri, maso n'kumaona mwachimbuuzi, kapena thupi likatuluka zidzolo n'kutupa milomo, siyani kumwa n'kubwerera kuchipatala tsiku lomwelo. Izi sizichitikachitika, koma sizodikira.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine kuposa zonsezi ndi china. Tiyerekeze kuti pakhungu pali mabakiteriya 1 miliyoni, ndipo 10 okha ali ndi kusintha kowathandiza kupirira mankhwala. Mukamwa, enawo amafa, 10 aja n'kutsala ndi malo onse ndi chakudya chonse. Awirikizeni kawirikawiri maulendo 17 pa kakyuleta yanu: 10 × 2¹⁷ ndi 1,310,720. Mwabwerera pamene munayambira, koma ulendo uno onse samva mankhwala. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin, anachenjeza za zimenezi kale mu 1945 polandira mphoto ya Nobel. Kafukufuku wofalitsidwa mu The Lancet mu 2022 anapeza kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse anamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala. Kapisozi sasankha kuti akagwire kumaso kokha. Amakhudzanso mabakiteriya a m'matumbo ndi pakhosi. Ndipo doxycycline yemweyu ndi amene amagwiritsidwa ntchito pa kolera yoopsa, monga imene inavuta m'dziko muno mu 2022 ndi 2023, komanso pa matenda ena opatsirana pogonana. Tikamufooketsa pomumwa mwachisawawa, tidzamusowa pa tsiku loipa.

N'chifukwa chake malangizo a bungwe la NICE ku Britain, otuluka mu 2021, amati mankhwala opha mabakiteriya asaperekedwe okha pa ziphuphu. Amati munthu awamwe masabata 12, aonanenso ndi dokotala, ndipo kupitirira miyezi 6 kukhale kwa apo ndi apo pa zifukwa zapadera. Amaphatikizidwa ndi opaka monga benzoyl peroxide, amene amapha bakiteriya pomuwotcha ndi okosijeni, njira imene bakiteriyayu sanaipezere pothawira. Chenjerani naye, amasukulutsa thaulo ndi kolala ya yunifomu. Ziphuphu zikakhala zochepa, opaka okha amakwana, makapisozi osafunika n'komwe.

Ndiye kugula makapisozi asanu pamsika, kapena kugawana ndi mnzanu wa ku hostel amene anatsala nawo, ndi kutenga zoopsa zonse popanda phindu: masiku asanu sachiza ziphuphu, amangosefa mabakiteriya olimba. Chimodzimodzi mafuta oyeretsa khungu aja: ambiri amakhala ndi steroid monga clobetasol, amene poyamba amaziziritsa kutupa, kenako n'kubweretsa ziphuphu zochuluka ndi khungu lopyapyala.

Mnyamata uja ndinamulembera E = hf pabolodi, tinawerengera limodzi mphamvu ya photon ya ma nanometre 350. Atapeza yankho anakanda mutu n'kufunsa ngati tsopano angamaloledwe kuvala chipewa pa asembule. Ndinamuuza kuti akatenge kalata ya adokotala, ine ndikamuperekeza kwa ahedi.