Mutu wa lole ukadutsa, ngozi sinathe

Msewu wa M3 wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde umadutsa pa Songani, pamene malonda amachitikira m'mbali mwa phula. Kuchoka apo umalowera ku Malosa ndi ku Machinga, kumene umakhotakhota m'mapiri. Popeza dziko lathu lilibe doko pa nyanja yamchere, katundu wambiri monga feteleza ndi mafuta amayenda pa malole aatali okoka ngolo, ndipo ena amadzera msewu womwewu.

Ambiri timaganiza kuti mutu wa lole ukatidutsa ndiye kuti tapulumuka. Si choncho ayi. Pakona, matayala a ngolo satsata mmene adutsa matayala akutsogolo, koma amadulira mkati mwa kona. Choncho mayi wogulitsa tomato kapena wakabaza woima pamenepo angathe kupondedwa ndi matayala akumbuyo, dalaivala osamuona n'komwe. Komanso lole yodzaza katundu siima msanga, ndipo pamtsetse mabuleki akatentha amasiya kugwira bwino.

Makolo anzanga, ana athu amayenda m'mbali mwa msewu umenewu popita ku sukulu m'mawa ndi ku madrasa masana. Tiwaphunzitse kuyenda mbali yakumanja, moyang'anizana ndi galimoto zimene zikubwera. Asaime pakona, asaoloke pafupi ndi lole yoima, ndipo apanjinga asagwirire ngolo kuti iwakoke pachitunda. Lole ikamabwera, achoke paphula ndi kudikira kufikira tayala lomaliza litadutsa.