Kuzindikira malire a mafuta m'paipi

Kuzindikira malire a mafuta ndi ntchito yodziwa pamene mtundu umodzi wa mafuta wathera ndi pamene wina wayambira, mafutawo akuyenda m'paipi imodzi. Mapaipi ambiri ataliatali, monga yochokera kudoko la Beira ku Mozambique kupita ku Feruka pafupi ndi Mutare ku Zimbabwe, amanyamula petulo ndi dizilo motsatizana. Nthawi zambiri pakati pa mitundu iwiriyi sipakhala chotchinga, choncho pamene yakumana imasakanikirana, ndipo gawo losakanikiranalo limatalika ulendo ukamatalika.

Zipangizo zoyezera zimamangidwa papaipi penipenipo ndipo zimayeza mosalekeza, osadikira kuti munthu atunge mafuta kupita nawo kulabotale. Chofala kwambiri ndi choyeza kulemera kwa lita imodzi. Petulo amalemera magalamu pafupifupi 720 mpaka 775 pa lita, pamene dizilo amalemera 820 mpaka 845. M'chipangizocho muli kachubu konjenjemera komwe mafuta amadutsamo. Mukalowa mafuta olemera, kachubuko kamachedwa kunjenjemera, ndipo kompyuta imawerengera kulemerako kuchokera pa kusinthaku. Kawirikawiri chipangizo china chimaikidwa kutali ndi depoti, kuti ogwira ntchito adziwiretu nthawi yotsekera thanki ina ndi kutsegula ina.

Vuto ndi loti malirewo si mzere. Manambala amakwera pang'onopang'ono, ndipo pamafunika kusankha podulira. Petulo wochepa chabe akalowa m'thanki ya dizilo amaononga zambiri: nthunzi ya dizilo wabwino siigwira moto kutentha kusanapitirire madigiri 55, koma ya petulo imayaka ngakhale kukuzizira koopsa. N'chifukwa chake mbali ya dizilo amaiteteza kwambiri, ndipo mafuta osakanikiranawo amawapatutsira m'thanki yapadera kuti akayengedwenso. Koma kupatutsa ambiri mopitirira kumadyanso ndalama.

Mitundu iwiri ikakhala yofanana kulemera, monga magulu awiri a petulo, chipangizochi chimavutika kusiyanitsa. Zikatero amagwiritsa ntchito zoyeza liwiro la phokoso m'mafuta kapena zoyeza mtundu wake ndi kuwala. Madzi ndiye savuta kuwazindikira. Pa muyeso wa mmene chinthu chimasungira mphamvu ya magetsi, madzi amafika pafupifupi 80 pamene mafuta ali cha m'ma 2, ndipo kusiyana kumeneku kumathandizanso kupeza madzi odikha pansi pa thanki.