Malo Awiri Okha: Momwe Matimu a Kiriketi Amadzigulira Malo ku World Cup

Pa bolodi lino nkhani zamasewero zimangokhala za Flames, Bullets, Noma, Moyale ndi Hammers, mwa apo ndi apo za Queens. Lero ndasintha ndiwo. Tikambe za kiriketi, masewero amene ambiri a ife kuno ku Katoto timangowadumpha pa TV tikamasaka tchanelo cha mpira. Kumapeto kwa September 2025 timu ya dziko lathu inali ku Harare, pakati pa matimu 8 a mu Africa amene ankalimbirana malo ku T20 World Cup ya 2026 ya ku India ndi Sri Lanka. Malo ake anali awiri okha. Malawi sinawapeze, koma kuti ikafike pamenepo panali ulendo, ndipo ulendowo ndi umene ndikufuna tiumvetse.

Poyamba, kwa anzathu a Fomu 1 amene akuti kiriketi n'chiyaninso. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 11. Timu imodzi imaponya mpira n'kumwazikana m'bwalo kuti iziwakha, inayo imatumiza anthu awiri kukamenya ndi thabwa lija amati bat. Woponya amalunjika timitengo titatu tozikidwa kumbuyo kwa womenya. Akatigwetsa, kapena mnzake akawakha mpira usanagunde pansi, womenya uja watuluka. Omenya awiriwo akathamanga n'kusinthana malo, apeza run imodzi. Mpira ukagubuduka mpaka kudutsa malire a bwalo ndi ma run 4, ukadutsa m'malere ndi 6. Amene munasewerapo raundasi ku pulayimale simungasochere kwambiri. Mu T20 timu iliyonse imapatsidwa ma over 20, ndipo over imodzi ndi mipira 6. Ndiye kuti mipira 120 basi, pokhapokha anthu 10 atatuluka isanathe. Masewero onse amatha m'maola atatu kapena kupitirira pang'ono.

Tsono za makwerero. Ku World Cup ya 2026 anaika malo a matimu 20. Ena amalowa chifukwa ndi eni bwalo, ena chifukwa anachita bwino pa World Cup yapitayo kapena ali pamwamba pa mndandanda wa ICC. South Africa, imene inafika mu fayinolo mu 2024, inalowa motero osatuluka thukuta. Otsalawo bungwe la ICC limawagawa m'zigawo za dziko lapansi, ndipo Africa inapatsidwa malo awiri. Kuti akalimbirane malo awiriwo, matimu ambiri amayenera kudutsa kaye ndime yoyamba. Zili ngati ife tomwe: sulemba MSCE usanaone JCE.

Malawi inakhala membala wa ICC payokha mu 2003. Kuyambira pa 1 January 2019, ICC inalamula kuti masewero a T20 a pakati pa mayiko onse amene ndi mamembala ake aziwerengedwa mofanana, kaya ndi India kaya ndi Malawi. Athu oyamba otere anali mu November 2019, pomwe tinalandira Mozambique mu Kwacha Cup. Mu 2021 ndi 2022 tinapita ku Kigali ku ndime yoyamba ija, koma maulendo onse awiri tinabwerako chimanjamanja. Mu September 2024 ku Dar es Salaam zinasintha. Tinali ndi Tanzania, Ghana, Cameroon, Lesotho ndi Mali, ndipo anyamata a kaputeni Moazzam Baig, kuphatikizapo Sami Sohail, anamaliza pa nambala 2 pambuyo pa eni bwalo. Matimu awiri oyambirira ndiwo amapitirira, ndiye tikiti ya ku Harare inapezeka choncho.

Ku Harare kunali akuluakulu okhaokha. Gulu lathu linali ndi Namibia, Kenya ndi Nigeria, linalo Zimbabwe, Uganda, Tanzania ndi Botswana. Sitinafike mu semifayinolo. Pa 2 October Namibia inagonjetsa Tanzania, Zimbabwe inagonjetsa Kenya, malo awiri aja n'kutha pomwepo. Fayinolo ya pa 4 October, imene Zimbabwe inapambana, inali yongolimbirana chikho.

Apa ndi pamene pali nkhani ya makochi, imene ine imandisangalatsa kuposa zonse. Ku Mzuzu Stadium tinazolowera kuona kochi ataimirira m'mbali mwa bwalo, akukuwa, akuloza uku ndi uku, akutulutsa uyu n'kulowetsa uyo. Ku kiriketi kulibe zimenezo. Masewero akayamba, kochi amakhala phee kunja. Amene amasankha woponya over yotsatira, amene amauza aliyense poti aime, ndi kaputeni. Kochi akakhala ndi mawu, amawatumiza kudzera mwa mnyamata wopititsa madzi akumwa. Ndikamaganiza zimenezi ndimakumbuka aphunzitsi athu nthawi ya mayeso a MANEB: amakuperekeza ndi maso mpaka pakhomo, ukalowa uli wekha ndi cholembera chako.

Ndiye kochiyo amagwira ntchito yanji? Yambiri, koma isanafike nthawi. Taganizirani izi. Woponya mmodzi saloledwa kupitirira ma over 4, choncho timu iyenera kukhala ndi oponya osachepera 5. Ukatenga oponya ambiri, omenya achepa. Ukatenga omenya ambiri, wina wosadziwa bwino kuponya adzakakamizika kuponya, adani n'kukolola ma run ngati chimanga cha m'dimba. N'chifukwa chake munthu wotha zonse ziwiri, monga Sikandar Raza wa ku Zimbabwe, ndi golide. Palinso ma over 6 oyambirira, pamene owakha awiri okha ndiwo amaloledwa kuima kutali. Kodi timenye mwamphamvu pamenepo bwalo lili pululu, ngakhale titha kutaya anthu msanga? Kapena tiyambe mwachifatse? Yankho limadalira dothi la pakati pabwalo, ngati lili louma kapena lachinyontho, komanso oponya a timu inayo. Zonsezi kochi ndi kaputeni amakambirana usiku, ndipo mu mpikisano wa sabata imodzi, masewero akumachitika motsatizana, nthawi yokonza zolakwika imakhala yochepa zedi.

Kwa inu okonda masamu, kiriketi ili ndi kanthu kanu. Matimu akafanana mapointi sawerenga zigoli ngati ku mpira, amaona net run rate. Tinene kuti timu yapeza ma run 120 m'ma over 20. Ndiye kuti 6 pa over iliyonse. Adani ake apeza 140 m'ma over 20, kutanthauza 7 pa over. Chotsani 7 pa 6, mupeza -1. Chopweteka n'chakuti timu yonse ikatuluka pa over ya nambala 12, amawerengabe ngati yamenya ma over 20 onse. Motero ngakhale zitaoneka kuti masewero apita, kochi wanzeru amauza anyamata kuti asataye thabwa. Kuluza ndi ma run 10 n'kosiyana kutalitali ndi kuluza ndi 90, ndipo kusiyana kumeneko kutha kukupititsa ku semifayinolo kapena kukukweza basi yobwerera kwanu.

Kuti muone kulemera kwa mpikisano wotere pamutu pa kochi, onani Zimbabwe. Dave Houghton si munthu wamba kumeneko. Ndiye anali kaputeni pamene dzikolo linasewera Test yake yoyamba mu 1992, ndipo ali kochi, Zimbabwe inagonjetsa Pakistan ndi run imodzi ku Perth pa World Cup ya 2022. Patangotha chaka, mu November 2023 ku Windhoek, timu yake inagonja kwa Namibia kenako kwa Uganda, n'kuphonya World Cup ya 2024. Mu December Houghton anatula pansi udindo. Amene analowa m'malo mwake mu 2024, Justin Sammons wa ku South Africa, anayenera kuyambira pansi penipeni, ndime yomwe ija tinadutsa ife ku Dar es Salaam. Ukali wonse unathera pa Gambia: mu October 2024 ku Nairobi, Zimbabwe inamenya ma run 344 m'ma over 20, Raza yekha 133, Gambia n'kutuluka yonse pa 54. Ine ndinawamvera chisoni a Gambia, eti.

Uganda nayo ili ndi phunziro lake. Inapita ku World Cup ya 2024 koyamba m'mbiri yake, n'kugonjetsa Papua New Guinea ku Guyana, mdala Frank Nsubuga wa zaka 43 akuponya ma over 4 n'kupereka ma run 4 okha. Koma ku Harare mu 2025 sinatuluke ngakhale m'gulu lake. Kenya, imene inafika mu semifayinolo ya World Cup ya 2003, lero ikuvutikira malo limodzi ndi ife. Maganizo anga ndi akuti timafulumira kuloza chala kochi pa zotsatira za sabata imodzi, pamene chimene chimaonekera pa sabata imeneyo ndi ntchito ya zaka zambiri: ana angati akusewera m'dzikomo, mabwalo alipo angati, timu imakumana kangati ndi matimu amphamvu. Kochi sangasankhe oponya 5 abwino ngati dziko lonse lili ndi atatu.

Timu yathu inapitanso ku Harare ili ndi chisoni. A Arjun Menon, ochokera ku Singapore, amene ankaphunzitsa ndi kuyendetsa ntchito za kiriketi m'dziko muno, anamwalira ku Blantyre mu May 2025, patatsala miyezi inayi kuti mpikisano uyambe. Iwo anali nawo pa ntchito yokweza timuyi kufika pamene inafikapo.

Masewero a ku Harare anachitikira pa mabwalo awiri. Lina ndi Harare Sports Club, la m'tauni. Linalo ndi Takashinga, lomwe lili ku Highfield, dera la anthu wamba lokhala ndi nyumba zothithikana. Kalabu imeneyi ndi imene inalera Tatenda Taibu ndi Hamilton Masakadza, amene onse anadzakhala makaputeni a Zimbabwe. Ndikutchula zimenezi chifukwa cha aja amati kiriketi ndi ya azungu, amwenye ndi ana a ku sukulu zolipira madola. Masewero akuluakulu a timu yathu achitikira ku Lilongwe ndi ku Blantyre, n'zoona, koma palibe lamulo loti woponya wa timu ya dziko asachokere ku Katoto, ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa.

Zoyambira sizodula. Thabwa losalala lotalika kufika m'chiuno, mpira wa tenisi wokulunga ndi tepi, timitengo titatu mbali iliyonse, ndi malo osalala a mamita 20 pakati pake. Lamulo lovuta ndi limodzi: poponya, chigongono sichiwongoka ngati ukugenda mango, mkono umazungulira uli chiwongokere. Amene mukufuna kuyesa, atsikana ndi anyamata omwe, lembani maina pa pepala lili m'munsimu, tikawapereke kwa aphunzitsi a zamasewero. Tikufunika 22, ndipo wina amene masamu amamuyendera abwere ndi kope la net run rate.