Gitala ya hauyani: inachokera kuti?

Omvera ambiri kuno ku Lichinga ndi ku Mandimba mumaidziwa gitala ija imene imalira ngati munthu m'nyimbo za country. Woyimba sakanikiza nsambo ndi zala ayi. Amaigoneka gitalayo pamiyendo n'kumatsetsereza kachitsulo pansambozo, motero mawu amakwera ndi kutsika osadukiza.

Kayimbidwe aka anakayambitsa Joseph Kekuku ku Hawaii cha m'ma 1889. Ku America kanamveka kwambiri ndi Leon McAuliffe, amene analowa gulu la Bob Wills mu 1935 ali ndi zaka 18, ndipo mu 1936 anajambula nyimbo yotchedwa Steel Guitar Rag.

Kuchigawo chathu kuno kanafika ndi mbale za galamafoni zimene abambo ankabwera nazo pochokera kumigodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia. Dzina loti Hawaii linasanduka hauyani. Posowa kachitsulo, oyimba ankatsetsereza botolo, ndipo ku Malawi Ndiche Mwarare anatchuka nako.

Lero odziwa luso limeneli atsala ochepa. Ngati m'mudzi mwanu muli agogo oyimba hauyani, achinyamata khalani nawo pansi, muphunzire, ndipo muwajambule pafoni akadali moyo.