Kodi mumadziwa?

Dzina limodzi la pa intaneti limatha kulozera malo awiri osiyana, kutengera amene wafunsa.

Makompyuta amapezana ndi manambala, osati mayina. Chomwe chimasandutsa dzina kukhala nambala ndi DNS, imene Paul Mockapetris anaikonza mu 1983.

Makampani osunga deta pa cloud ya Amazon amatha kukhazikitsa mayina amseri kudzera pa DNS ya Amazon yotchedwa Route 53. Pulogalamu ya m'kati mwa kampani ikafunsa dzina, imapatsidwa adiresi yam'kati, monga 10.0.1.25, deta n'kuyenda osatulukira pabwalo. Wakunja akafunsa dzina lomwelo amalozeredwa kwina, apo ayi amabwerako chimanjamanja.

Nambala 53 ija sanangoitola: ndi nambala ya port, kapena kuti khomo la pa netiweki, imene DNS imagwiritsa ntchito.