Pamene Mitambo Inaposa Zombo

Dziko la Holland linalemela ndi nyanja yamcele. M'caka ca 1602 amalonda a kumeneko anakhazikitsa kampani yaikulu yotumiza zombo ku Asia, ndipo akuluakulu a mizinda anafuna zithunzi zoonetsa ulemelelo umenewo. Katswili wao anali Hendrick Vroom wa ku Haarlem, amene anamwalila mu 1640. Iye anali kujambula ngati munthu woima pamwamba pa phili: nyanja yobiliwila, zombo zankhondo zandandalika, mbendela zofiila ndi zoyela zili petupetu. Mwini combo akanatha kuwelenga zingwe ndi mizinga yake, osapeza yosowa.

Koma kodi nyanja imaoneka motelo kwa msodzi amene amapalasa pamenepo tsiku ndi tsiku? Jan Porcellis, wobadwila ku Ghent, amene anafika ku Haarlem mu 1622, anaona mwina. Iye anatsitsa maso nayang'ana ngati munthu wokhala m'ngalawa. Pamenepo thambo linatenga mbali yaikulu ya cithunzi, madzi natsala m'munsi. Anasiya utoto wowala, nasankha wotuwa ngati phulusa ndi wofiilila ngati dothi. M'malo mwa nkhondo zochuka anajambula tingalawa topanda maina, tikulimbana ndi mphepo, kwinaku nkhungu ikumeza gombe. Woyang'ana amaona cinyezi ca mlengalenga ndi mvula imene ili pafupi kugwa.

Kajambulidwe aka kanali ndi phindu linanso. Utoto wocepa unacepetsa mtengo ndi masiku a nchito, motelo zithunzi zinayamba kulowa m'nyumba za anthu wamba. Komabe akatswili sanazipeputse ai. Pamene katundu wa Rembrandt analembedwa mu 1656 cifukwa ca nkhongole, zithunzi za Porcellis zinapezeka m'nyumba mwake.

Porcellis anamwalila mu 1632, koma njila yake sinafe. Simon de Vlieger anaitsata, naonjezela kuwala konga siliva. Pambuyo pake Jan van de Cappelle, mwini nchito yonyika nsalu ku Amsterdam, anajambula madzi abata m'mene mitambo imadziyang'anila ngati pa kalilole.

Taonani tsono, owelenga okondedwa, cimene cinasintha. Vroom anaonetsa zimene munthu ali nazo. Porcellis ndi omtsatila anaonetsa kucepa kwa munthuyo pansi pa thambo, cinthu cimene mkazi aliyense wa msodzi, podikila mwamuna wake pagombe, anali kucidziwa kale.