Dzuwa la ku Phoenix

Pa mwezi wa Juni ndi wa Julayi, pamene ife kuno tikuotha moto m'mamawa ndi kufunda mabulangete usiku, kutsidya la nyanja kuli anthu amene akuopa kugwira citseko ca galimoto ndi dzanja losakulunga nsaru, cifukwa citsulo cace cingawaoche. Anthu amenewa amakhala mu mzinda wa Phoenix, m'cigawo ca Arizona, kumwera ca kumadzulo kwa dziko la United States of America. Dziko lao liri kumpoto kwa Ikweta, cotero nyengo zao zimasemphana ndi zathu: cisanu cathu ndico cirimwe cao.

Phoenix ndi mzinda waukulu ndithu, wa anthu oposa 1,600,000, koma unamangidwa m'cipululu ca Sonora. Mvula ya caka conse kumeneko ndi mamilimita 180 kapena kuposerapo pang'ono. Ku Lusaka imagwa yoposa imeneyo kanai. M'chire lace mulibe mitengo ikulu-ikulu ya mthunzi. Muli zitsamba za minga, ndi mtengo wina wopanda masamba wochedwa saguaro, umene umasunga madzi m'thunthu lace.

Cimene cinakopa anthu kuti akhale pa malo ouma otere ndi mtsinje wa Salt, wotsika kucokera ku mapiri a kum'mawa. Kale-kale eni dziko, a mtundu umene tsopano uchedwa Hohokam, anakumba ngalande zambiri zazitali, namathirira minda ya cimanga, nyemba, maungu ndi thonje. Ca m'ma 1450 anasiya midzi yao. M'caka ca 1867 munthu wina, dzina lace Jack Swilling, anaona ngalande zakalezo nayamba kuzikumbanso pamodzi ndi anzace. Mudzi watsopanowo anaucha Phoenix, dzina la mbalame ya m'nthano za Agiriki imene amati ikapsa imaukanso m'phulusa lace, pakuti mudziwo unauka pa bwinja la anthu akale. Lero madzi a mzindawo amacokera m'madamu a m'mapiri, monga damu la Roosevelt limene linatha kumangidwa mu 1911, ndi m'ngalande ya makilomita 541 yocokera ku mtsinje wa Colorado.

Kutentha timakuyesa ndi madigiri a Celsius. Madzi amaundana pa digiri 0, nawira pa madigiri 100, ndipo thupi la munthu wosadwala limakhala pa madigiri 37. Tsono pa 26 Juni 1990 mpweya wa ku Phoenix unafika pa madigiri 50, ndipo ndege zina zinalephera kunyamuka pa bwalo kufikira kutazizirako. M'caka ca 2023, kuyambira pa 30 Juni kufikira pa 30 Julayi, ndiwo masiku 31 otsatizana, tsiku liri lonse kutentha kunafika pa madigiri 43 kapena kuposa. Dziwani kuti kutentha kumeneku amakuyesa pa mthunzi. Woima pa dzuwa amamva koposa pamenepo.

Cobvuta kwambiri ndi usiku. M'cipululu ceni-ceni dzuwa likalowa kumazizira msanga. Koma mu mzinda miseu ya phula, makoma a simenti ndi madenga zimamwa kutentha usana wonse, ndipo usiku zimakutulutsa pang'ono-pang'ono, monga mafuwa amene akhalabe otentha moto utazima kale. Pa 19 Julayi 2023 kutentha sikunatsike pansi pa madigiri 36 usiku wonse, ndiko kuti ngakhale m'banda kuca mpweya unali wofunda pafupi-fupi ngati magazi a munthu. Thupi limene silinapumule usiku limayamba tsiku lotsatira liri lofoka kale.

Nanga thupi limadziziziritsa bwanji? Taganizani za mtsuko wa dothi umene amai anu amasungamo madzi akumwa. Madzi a mu mtsuko amazizira kuposa a m'ndowa ya citsulo, cifukwa madzi ena amatuluka pang'ono-pang'ono m'timabowo ta dothi, ndipo pamene akuuma kunja kwa mtsuko amacotsa kutentha kwa madzi otsala m'katimo. Thupi lathu limacita cimodzimodzi ndi thukuta. Mtima umatumiza magazi ambiri kufupi ndi khungu, ndipo thukuta likamauma limatenga kutentha kwa magaziwo. Komatu madzi a mu mtsuko amacepa, ndipo a m'thupi nawo amacepa. Munthu wogwira nchito yolemetsa pa dzuwa angataye lita imodzi ya madzi, kapena kuposa, pa ora limodzi. Ku Phoenix mpweya ndi wouma kwambiri, kotero kuti thukuta limauma lisanaoneke, ndipo apa ndi pamene mlendo amanyengedwa: amaona malaya ace ouma naganiza kuti sakutaya madzi. Eni mzinda salinda kuti amve ludzu. Amayenda ndi botolo la madzi monga inu muyenda ndi cikwama ca mabuku, namamwa kawiri-kawiri. Madotolo amalangizanso anthu kuyang'ana mkodzo wao. Ukakhala wocepa ndi wofiira ngati tiyi, ndiye kuti thupi likupempha madzi.

Madzi ndi mcere zikacepa m'thupi, munthu amayamba kumva mutu, cizungulire ndi mseru, ndipo minofu ya miyendo imakokana. Ameneyo akakhala pa mthunzi namwa madzi pang'ono-pang'ono, amacira. Koma akapitirira kuyenda kapena kugwira nchito, thupi limalephera kudziziziritsa, ndipo likafika pa madigiri 40 bongo umasokonezeka. Munthu amalankhula zosamveka, amadzandira ngati woledzera, kenaka amagwa nakomoka. Zikatero imfa iri pafupi, ndipo kucedwa kuli konse kungamuphe. Omthandiza amamcotsa pa dzuwa, kummasula zobvala, kumthira madzi ozizira thupi lonse ndi kumkupiza, uku wina akuitana ambulansi. Wokomoka sammwetsa madzi, cifukwa angatsamwe. M'caka ca 2024 ozimitsa moto a ku Phoenix, amene ndiwonso amathamangira odwala mwadzidzidzi, anayamba kunyamula matumba akulu osadutsa madzi. Amagoneka wodwala m'thumbamo namkwirira ndi madzi oundana, kuti pofika ku cipatala akhale atayamba kale kuzizira.

Pansi napo pamaocha. Masana phula la mu mseu lingafike pa madigiri 70 kapena 80, ndipo khungu likakhudza pamenepo limapsa m'kanthawi kocepa. M'cirimwe ca 2023 cipatala ca anthu opsa, ca Arizona Burn Center, cinagoneka anthu 136 amene anapsa popanda moto, ambiri a iwo atagwa pa malo otentha ndi kulephera kudzuka msanga. Anthu 14 mwa iwo anamwalira. Cotero ana a kumeneko sayenda masana opanda nsapato, ndipo agalu ena amabvekedwa tinsapato tao. Musaseke, galu naye amapsa mapazi. Coopsa cina ndi galimoto yotseka mazenera. M'kati mwace kutentha kumakwera ndi madigiri 10 m'mphindi 10 zokha, ndipo mwana wosiyidwamo angafe makolo ace akali m'sitolo.

Mwina inu mukanaganiza kuti pa dzuwa lotere ndi bwino kubvula malaya. Anthu ogwira nchito panja ku Phoenix amacita zosiyana ndi zimenezo. Amabvala malaya a manja atali, opepuka, osathina ndi owala mtundu, cipewa ca mlomo waukulu, ndi nsaru yophimba khosi. M'kuwala kwa dzuwa muli ceza cina cosaoneka ndi maso, cimene cimaocha khungu, kuononga maso, ndipo pakapita zaka cingayambitse khansa ya pa khungu. Khungu lakuda limachinga gawo la ceza cimeneci, koma silicichinga conse. La Azungu ndi la anthu a cialubino limapsa msanga kwambiri. Ndi cifukwa cace ambiri amadzola mafuta oteteza khungu ndi kubvala magalasi akuda.

M'miyezi imeneyi nthawi za nchito zimasinthika. Omanga nyumba amayamba ca m'ma 4 kapena 5 koloko m'mamawa, naweruka dzuwa litangopendeka, ndipo simenti ya nyumba zazikulu kawiri-kawiri amaithira usiku. Ofuna kuthamanga kapena kuyendetsa agalu amatuluka dzuwa lisanatuluke. Masana miseu ya oyenda pansi imakhala zii. Mu mzindamo muli mapiri awiri amene anthu amakonda kukwera, la Camelback ndi la Piestewa Peak, ndipo kuyambira mu 2021 njira zace zotsetsereka zimatsekedwa masana pa masiku oopsa, cifukwa ngakhale opulumutsa anthu ankadwala nalo dzuwa pokatsitsa okomoka pa phiri.

Makolo a anthu a ku Phoenix analibe makina oziziritsa nyumba, komabe anapirira. Ena anamanga nyumba za njerwa zosaocha, za makoma ocindikala amene kutentha kumacedwa kuwadutsa. Usiku ankagona pa khonde kapena pa bwalo, atapacika nsaru zonyowa kumene kukucokera mphepo, ndipo ena ankadzikulunga m'nsaru zonyowazo. Opeza bwino ankatumiza akazi ndi ana ku midzi yozizira ya m'mapiri, monga Prescott. Ca m'ma 1930 kunafala bokosi lokhala ndi ulusi wonyowa ndi fani yokoka mpweya, limene liri nzeru yomwe ija ya mtsuko. Bokosi limeneli limathandiza pamene mpweya uli wouma, koma mu Julayi ndi Ogasiti, nyengo ya mvula ya mabingu ikabweretsa cinyezi, mphamvu yace imacepa. Itatha Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse kunafala makina a magetsi oziziritsa mpweya monga firiji, ndipo anthu anakhamukira ku Phoenix. M'caka ca 1950 mzindawo unali ndi anthu pafupi-fupi 107,000 okha.

Tsono makinawo amadya magetsi, ndipo magetsi amafuna ndalama. Apa ndi pamene pagona bvuto la mzinda umenewu. M'caka ca 2023 anthu 645 anafa ndi kutentha m'boma la Maricopa, m'mene muli Phoenix. Ambiri anafera panja, ndipo oculuka mwa iwo anali anthu opanda nyumba, ogona m'mbali mwa miseu. Ena anafera m'nyumba zao, makamaka okalamba okhala okha, makina ao atathyoka kapena atazimitsidwa. M'caka ca 2018 gogo wina wa zaka 72, wokhala kunja kwa mzinda, anafa m'nyumba yace yotentha atamdulira magetsi cifukwa ca ngongole ya madola 51. Nkhani yace itamveka mu 2019, anthu anakwiya, ndipo akulu oyang'anira za magetsi ku Arizona analetsa makampani amene iwo amawalamulira kudula magetsi a m'nyumba za anthu kuyambira pa 1 Juni kufikira pa 15 Okutobala. Ndi camanyazi kuti lamulo lotere linayembekezera maliro.

Mu 2021 mzinda wa Phoenix unatsegula ofesi yoona za kutentha kokha. M'cirimwe nyumba zowerengeramo mabuku, macalici ndi maholo ena zimasanduka malo opumulira, kumene ali yense angalowe, kukhala pa mpweya wozizira ndi kulandira madzi kwaulere. Miseu ina anaipaka utoto wotuwa umene umabweza kuwala kwa dzuwa, ndipo anapeza kuti masana pamwamba pace pamazizirako ndi madigiri pafupi-fupi 6. Koma kuwala kobwezedwako kumagwera pa munthu woyenda mu mseumo, cotero utotowo sungalowe m'malo mwa mtengo. Kumene kumakhala anthu olemera kuli mitengo yambiri ya mthunzi, koma kumene kumakhala osauka, amene ndiwo amaima pa dzuwa kulinda basi, mitengo iri yowerengeka. Mzinda ukubzala mitengo ya m'cipululu yosamwa madzi ambiri, monga palo verde ndi mesquite, ngakhale kuti mtengo umatenga zaka kuti upereke mthunzi wokwanira munthu wamkulu.

Okutobala, mwezi umene ife kuno tifika pa cimace ca cirimwe, ndiwo mwezi umene anthu a ku Phoenix amauyembekezera ndi cimwemwe. Ukafika amatsegula mazenera, ana amabwerera ku mabwalo a masewera, ndipo mabanja amadyera panja madzulo. Koma m'caka ca 2024 mpumulo unacedwa. Caka cimeneco panapita masiku 113 otsatizana ofika pafupi-fupi pa madigiri 38 kapena kuposa, kuyambira kumapeto kwa Meyi kufikira pakati pa Seputembala, ndipo pa 1 Okutobala kutentha kunafikanso pa madigiri 45.